Mpata wa Che Ajibu pa Mzere wa Swala

Kutatsala masiku asanu ndi limodzi kuti anyamuke ulendo wa Haji, Che Silaju Makwinja anaimika galimoto yawo pa madrasa ya Shehe Tambuli ku Ntaja. Linali Lachiwiri, swala ya Asiri, pemphero la chakumadzulo, itangotha, ana ataweruka. Ku Liwonde palibe amene sawadziwa Che Silaju, mwini maminibasi, munthu wa mawu aakulu. Anyamata a pa depoti anali atayamba kale kuwaitana kuti Alhaji, ndege asanaione n'komwe, ndipo kunena zoona dzinalo silinkawawawa m'makutu. Koma tsiku limenelo anatsika m'galimoto mwakachetechete, naima kaye pabwalo ngati aiwala chimene adzera.

Shehe anali pakhonde, atakhala pa mphasa, akulumikiza ndi waya mapatapata oduka amene ana anasiya pakhomo. Anali nkhalamba yoonda, ya ndevu zochepa zoyera. Anaphunzira zaka zambiri kunja, koma ukawaona sungadziwe. Mafunso ambiri ankayamba kuwayankha ndi mawu akuti "sindikudziwa bwino," ndipo anthu othamanga magazi ankapsa nazo mtima.

"Assalamu alaikum, Shehe."

"Wa alaikumu salam, Che Silaju. Fikani. Mpando ulipo umodzi, koma mwendo wake ndi wokayikitsa. Mphasa ndiye sinagwetsepo munthu."

Che Silaju anavula nsapato, napinda mkanjo wawo woyera, nakhala pansi. Anafunsana za moyo, za ana ndi za mvula. Zitatha izo mlendoyo ankangotembenuza makiyi m'manja.

"Shehe, ndabwera ndi funso, koma sindikudziwa ngati lili funso," anatero pomaliza. "Munthu akakukhululukira ndi pakamwa pake, pamaso pa mkazi wake ndi ana ake, mlandu umakhala kuti watha, kapena ayi?"

"Sindikudziwa bwino ndisanamve nkhani yake," anayankha Shehe. "Wakukhululukirani ndani?"

Paja kwathu kuno munthu sapita ku Makka ngati akupita ku Limbe kukapikula katundu. Amayamba wazungulira abale, anansi ndi onse amene anakhulana nawo, kupempha kuti amumasule, kuti akaime pa Nyumba ya Allah alibe mangawa a munthu. Che Silaju anali atachita zimenezi milungu iwiri. Anapita kwa alamu awo, kwa makondakitala amene anawachotsa ntchito mwaukali, ngakhale kwa mkazi wawo woyamba. Mawu anali amodzimodzi, oloweza: ngati ndinakulakwirani, modziwa kapena mosadziwa, mundikhululukire chifukwa cha Allah. Nanga ndani angakanize munthu wopita ku Haji? Aliyense ankangoti takhululuka, mukatikumbukirenso m'mapemphero.

Atamaliza onse anauza mlongo wawo wamkulu kuti ntchito yatha. Mayiyo, amene alibe chizolowezi chozungulira mawu, anangofunsa kuti, "Nanga wa dzanja uja?"

"Dzina lake ndi Ajibu," Che Silaju anauza Shehe. "Tinali limodzi Sitandade 4, kumudzi kwathu kuseri kwa Nsanama, ndipo masana tinkapita madrasa imodzi. Anali ndi matenda a khunyu. Pa masamu ankatiposa tonse, ineyo ndikuvomera, ndipo zinkandiwawa. Ine ndinali wamkulu thupi, aphunzitsi anandiika kukhala woyang'anira kalasi. Tsiku lina ndinamva azimayi pa chigayo akunena kuti khunyu amatengera m'malovu. Ndinabwera nazo kusukulu ngati ndatola ndalama."

"Munachita nazo chiyani?"

"Ndinaika lamulo. Kapu ya pa ndowa ya madzi, iye asamwere. Pa desiki akhale yekha. Ku madrasa tikamandanda pa mzere wa swala, pakati pa iye ndi ife pazikhala mpata wokwana munthu mmodzi. Wophwanya lamulo tinkamutcha Ajibu wachiwiri, ndipo sabata yonse palibe womulankhula. Ana anamvera. Akuluakulu ankaona, koma palibe amene ananena kanthu."

Shehe anaika pansi patapata limene linali m'manja mwawo.

"Pitirizani."

Apa mawu a Che Silaju anatsika. Anafotokoza za m'mawa wina wa mwezi wa Juni, ana akuotcha zinyalala kuseri kwa kalasi. Ajibu anagwa, thupi likunjenjemera, dzanja lamanja litagwera pa moto. Mtsikana wina anathamanga kuti amukoke. Silaju anakuwa kuti osamugwira, mutengera. Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo. Ana oposa makumi atatu anaima mozungulira, akuyang'ana, mpaka mphunzitsi anatulukira ali wefuwefu namukoka mwendo. Zala zitatu zinamatana. Ajibu sanagwirenso cholembera, ndipo chaka chimenecho sanabwererenso kusukulu.

"Papita zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi," anatero Che Silaju. "Ndinali nditaiwala, Shehe. Sindikunama, ndinaiwaliratu."

"Ndipo munapita kukawaona Che Ajibu."

"Dzana, Lamulungu. Ndinatenga thumba la mpunga ndi mkanjo watsopano. Njira yonse ndinkakonzekera kutukwanidwa. Ndinkati akandithamangitsa ndi mpini ndipirira, ndi malipiro anga. Koma munthu uja atandiona anathamanga kudzandilandira. Akadali kumudzi komweko, amaweta mbuzi, ali ndi mkazi ndi ana anayi. Anandiyalira mphasa yatsopano. Nditanena mawu aja opempha chikhululuko, anaseka. Akuti, za kusukulu zija? Tinali ana, ndinakhululuka kalekale, pitani bwino mukatipemphererekonso."

"Alhamdulillah," anatero Shehe. "Ndiye chavuta n'chiyani?"

Che Silaju anapukuta kumaso ndi chikhatho. Chimene chinavuta iwo eni ankachidziwa ndi mimba, osati ndi mutu, ndipo kuchiika m'mawu kunali kovuta.

"Anawonjezera mawu ena. Anati, komanso inu simunalakwe, Che Silaju, munkateteza anzathu."

Shehe anagwedeza mutu kuti apitirize.

"Kenaka mkazi wake anabweretsa tiyi. Ajibu anandiuza kuti, imwani momasuka, makapu awa ndi a alendo ndi ana, ine sindimwera. Yake ndi ya pulasitiki yofiira, yomangidwa kachingwe, imakhala pa msomali panja, pansi pa tsindwi. Anapita kukaitenga yekha. Mwana wake wotsiriza, kamtsikana ka zaka zinayi, kanabwera kudzakhala pa mwendo pake n'kutambasula dzanja kuti kamweko. Anakachotsa kadzanjako mofatsa, n'kunena kuti, iwe, ndinakuuza chiyani za kapu ya ababa? Kamwanako sikanalire n'komwe. Kanazolowera."

"Munanenapo kanthu?"

"Ayi. Ndinamwa tiyi wanga. Nthawi ya swala ya masana itakwana tinapita ku kamzikiti ka m'mudzimo. Tinalipo anthu asanu ndi anayi, mzere umodzi wokha. Ine anandiika pakati, kumbuyo kwenikweni kwa imamu, monga mlendo wolemekezeka. Pomaliza swala, nditatembenuzira nkhope kumanzere kupereka salamu, ndinamuona. Anali kumapeto kwa mzere, ndipo pakati pa iye ndi mnzake panali mpata wa munthu mmodzi. Palibe amene anamukankha, Shehe. Anadzisuntha yekha. Ndipo anthu aja sanaone chachilendo chilichonse."

Anapuma, kenaka mawu anayamba kutuluka mothamanga, osalongosoka.

"Chichokereni kumeneko chakudya sichikulowa. Ndikudzifunsa, kodi anandikhululukiradi, kapena ankandinyoza mochenjera? Koma ayi, nkhope yake inali yoyera. Ndiye mwina ndi Shetani akundinong'oneza kuti andisokonezere ulendo. Chifukwa taonani, munatiphunzitsa inu nomwe kuti mwana asanathe msinkhu machimo ake salembedwa. Ine ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Ndiye kwa Allah sizinalembedwe, kwa mwiniwake zakhululukidwa. Mbali zonse ziwiri ndine womasuka. Nanga chikundilemera n'chiyani? Ndikumumvera chisoni, ndikuchita manyazi, komanso nthawi zina ndikumupsera mtima, kuti bwanji sanangonditukwana zithe. Sindikudzimvetsa, Shehe."

Shehe anayang'ana nkhuku zimene zinkapalasa pabwalo.

"Ndisanakuyankheni, ndiyambe ndadziyankha ndekha," anatero. "Mzikiti umenewo ndikuudziwa. Zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo ndinapita kumeneko ku maliro, ndipo anandipempha kuti nditsogolere swala. Ndinatembenuka monga timachitira, ndinati wongolani mzere, tsekani mipata. Ndinamuona bambo wa dzanja lopsa ataima patali pang'ono. Ndinaganiza kuti mwina ali ndi chifuwa, kapena akangana ndi mnzakeyo. Sindinafunse. Ndinatembenukira kutsogolo n'kuyamba swala. Ndiye musandione ngati woweruza wanu. Pa mlandu uwu nanenso ndili ndi kagawo kanga, Allah andikhululukire."

Che Silaju anadabwa. Ankayembekezera kudzudzulidwa kapena kutonthozedwa, ndipo izi sizinali chimodzi mwa ziwirizo.

"Tsono za funso lanu," anapitiriza Shehe. "Chikhululuko cha Che Ajibu ndi chenicheni. Ndi chuma chawo, apereka mwa kufuna kwawo, ndipo si bwino kuchikayikira. Za mwana wa zaka khumi ndi chimodzi mwanenanso zoona, salembedwa. Koma ndifunseko. Amene anakhala pa mphasa dzana, naona kamwana kakuletsedwa kapu ya bambo ake, nangomwa tiyi wake, ali ndi zaka zingati?"

Che Silaju anaweramitsa mutu.

"Makumi anayi ndi zisanu ndi ziwiri."

"Ameneyo ndiye amalembedwa."

Mawuwo anawalasa Che Silaju, ndipo monga achitira anthu ozolowera kukonza zinthu ndi thumba, anathamangira kumene amadziwa.

"Ndaganiza kale zochita, Shehe. Ndikabwerako ndimumangira nyumba ya malata. Ndimutengera kuchipatala ku Zomba, akayambe mankhwala oyenera, chifukwa akuti amagwabe kamodzikamodzi. Ana ake ndiwaphunzitsa mpaka pamene angafike."

"Zonsezo ndi zabwino, ndipo muchite, makamaka za mankhwalazo musachedwe nazo. Koma m'nyumba ya malatayo azikamwera kapu iti?"

Che Silaju anayang'ana makiyi amene anali m'manja mwawo.

"Ndikufunseninso china," anatero Shehe. "Inu lero mukudziwa kuti khunyu sapatsirana?"

"Ndikudziwa. Achipatala amanena, pa wailesi amanena. Ngakhale dalaivala wanga wina ali ndi mwana wotero, amadya nawo mbale imodzi."

"Chabwino. Che Ajibu atamwa tiyi theka m'kapu yofiira ija, n'kukupatsirani, mungamalize?"

Che Silaju anatsegula pakamwa kuti anene kuti inde. Koma anaiona kapuyo m'maganizo, m'mphepete mwake monyowa, ndipo ananyansidwa nayo. Anachita mantha ndi iwo eni. Bodza limene anatola pa chigayo ali mwana, limene mutu wawo unalitaya kalekale, linali likadali m'thupi mwawo, lamoyo. Misozi inalengeza, ndipo munthu wamkuluyo anayang'ana kumbali.

"Astaghfirullah," ananong'ona. "Sindikudziwa, Shehe. Ndimayesa ndingathe, koma sindikudziwa."

"Yankho limenelo ndi labwino kuposa inde wothamanga," anatero Shehe mofatsa. "Tsopano mwaona chimene chikukulemerani. Si Shetani ayi, Shetani sakumbutsa munthu za wopsinjika. Inu munapita kukapempha kuti akukhululukireni za dzanja, ndipo za dzanja zatha. Koma munaikanso lamulo, ndipo lamulolo silinathe. Likugwira ntchito lero lino m'nyumba ya munthu, pakati pa bambo ndi mwana wake, ndiponso m'nyumba ya Allah. Che Ajibu sangakukhululukireni zimenezo, chifukwa sakudziwa kuti ndi cholakwa. Akuyesa ndi choonadi. Munthu sakhululuka chimene akuchiyesa chilungamo."

"Ndiye ndichite chiyani?"

"Lamulo amachotsa ndi amene analiika, ndipo amalichotsera pomwe analiikira. Inu munaliika pa gulu. Lachisanu likudzali mudzi wonse udzasonkhana pa swala ya Ijumaa. Mukapemphe imamu akupatseni mpata wolankhula, mukanene poyera kuti zoti matendawa amatengera m'malovu ndi bodza, ndipo amene analibweretsa pakati pa ana a m'mudzimo ndinu. Osati mawu oloweza aja akuti ngati ndinalakwa. Mukatchule chimene munachita, ndi moto womwe. Mukatero mukaime pambali pawo pa mzere. Pobwerera kunyumba kwawo mukapemphe madzi m'kapu yofiirayo, kamwana kaja kakuona."

Che Silaju anadzidzimuka.

"Lachisanu lomweli? Shehe, ndi tsiku la sadaka yanga yotsanzikira. Ng'ombe yagulidwa kale, mashehe a ku Liwonde ndi ku Balaka ndawaitana, inunso kalata yanu ili m'galimotomo. Tikatuluka mu mzikiti waukulu anthu onse akupita kwathu. Ndipo Lolemba ndikunyamuka, Ijumaa ina palibe. Sizingadikire ndikabwereko?"

"Sindikudziwa ngati mudzabwereko, ndipo inunso simukudziwa. Si chifukwa chake mwakhala mukuzungulira makomo a anthu milungu iwiriyi? Za sadaka musade nkhawa. Mpunga ndi nyama zimadyeka bwinobwino mwini wake palibe, ndipo mashehe ndikuwadziwa, sadzabwerera ndi njala."

Che Silaju anaseka pang'ono mosafuna, koma kusekako sikunakhalitse. Anaganiza za anthu a m'mudzi mwawo, amene amawaimirira akamadutsa, akumva kuti Alhaji wa maminibasi ndiye anapsetsa dzanja la Ajibu. Anaganiza za akazi awo akufotokozera alendo kuti mwini sadaka wapita ku kamzikiti ka udzu.

"Anthu adzandiona bwanji?" anafunsa motsitsa mawu.

"Adzakuonani monga mulili. Si zoopsa kwambiri, ena tinazolowera. Ku Makka mukaima phewa ndi phewa ndi anthu miyandamiyanda, akuda ndi oyera, odwala ndi athanzi, ndipo simukafunsa aliyense za matenda ake. Kumeneko phewa lanu litasowa palibe angadziwe. Kumudzi kwanu ndiye kuli malo amene akhala akudikira phewa lanu zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi."

Dzuwa linali litapendeka, mthunzi wa madrasa utafika pa galimoto. Mumtima mwa Che Silaju munali mosokonezekabe, koma tsopano ankadziwa kumene kusokonezekako kukuloza. Anatenga nsapato zawo, navala imodzi, kenaka anaima ndi inayo m'manja.

"Shehe, pali chimodzi chimene ndikuopa kuposa manyazi. Munthu uja amakhulupirira zimenezi ndi mtima wonse. Amachita chifukwa chokonda ana ake. Ndikakaima pambali pake, iye adzayesa kuti akunditeteza, makamaka poti ndili pa ulendo. Nanga akasuntha?"

"Adzasuntha ndithu," anayankha Shehe Tambuli, akutolanso waya wawo. "Munawaphunzitsa bwino, ndipo phunziro la zaka zonsezo silingathe ndi mawu a tsiku limodzi. Akasuntha, inu musunthe nawo. Akasunthanso, musunthenso. Musawagwire, musawakalipire, ingowatsatani. Mzikiti umene uja ndi waung'ono, Che Silaju, khoma lili pafupi. Akafika pakhoma adzasowa kothawira, ndipo kwa nthawi yoyamba chichokereni ubwana adzaswali phewa la munthu litakhudza lawo."